Kodi boma lizilipirako mtengo wa magetsi? Maganizo a ma libertarian

Mawu oti sabuside mumawadziwa kale chifukwa cha makuponi a fetereza: boma limalipirako gawo la mtengo kuti wogula apepukidwe. Pa magetsi zimachitikanso m'mayiko ambiri. Lero ndikufuna tione anthu omwe amakana zimenezi. Amatchedwa ma libertarian, ambiri ali ku America, ndipo amati boma lisamalowerere pa malonda. Bungwe la Cato Institute ku Washington ndi limodzi mwa ofalitsa maganizowa.

Iwo amati sabuside imabisa mtengo weniweni, chifukwa ndalamayo imachokerabe m'matumba a olipira msonkho. Chitsanzo chomwe amakonda ndi lamulo la Price-Anderson la mu 1957, lomwe linaika malire pa chipukuta misozi chomwe makampani a magetsi a nyukiliya ku America angalipire ngozi itachitika. Kwa iwo, uku n'kukondera malo akuluakulu opangira magetsi. Amati chotsani thandizo lonse, la malasha, la nyukiliya, ngakhale la sola, tione adzapambane ndani. Ena mwa iwo amayembekezera kuti zikatero anthu ambiri azidzapanga okha magetsi pafupi ndi pomwe akukhala.

Apa sayansi ikuwavomerezako. Mukukumbuka P = I²R ya mu Fizikisi? Magetsi akamayenda mu waya, ena amasanduka kutentha n'kutayika. Waya akatalika, R amakula, otayikawo amachulukanso. N'chifukwa chake mathiransifoma amakweza voteji kuti I achepe. Sola ya padenga ilibe ulendo wautali wotere. Komanso kudalira malo ochepa n'koopsa: mu Januwale 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira pa mtsinje wa Shire, Malawi inataya pafupifupi mamegawati 130 nthawi imodzi, ndiye kuzimazima kuja munakuona nokha.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina. Mu 2000 dziko la Germany linakhazikitsa lamulo loti aliyense wopanga magetsi a dzuwa azigulitsa pa mtengo wotsimikizika kwa zaka 20. Anthu anagula mapanelo ochuluka, mafakitale, makamaka a ku China, anakula, mitengo n'kutsika. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo unatsika ndi maperesenti oposa 80. Ndiye kuti sola yotchipa yomwe ma libertarian ena amaitama lero inaleredwa ndi sabuside yomweyo.

Chinanso, dzuwa limalowa. Usiku pamafunika batire kapena mawaya a tonse aja, ndipo olemera akachoka pa mawayawo, mtengo wowasamalira umatsalira osauka.

Ine ndikuona kuti funso lawo ndi labwino, ngakhale yankho lawo silikwana. Mukamva kuti magetsi awa ndi otchipa, muzifunsa kuti: gawo lotsalalo akulipira ndani, ndipo mpaka liti?