Juzi yopanda manja: ulusi wa ubweya wa nkhosa kapena wa akiriliki?

Mapateni ambiri a juzi yopanda manja amene oluka a kuno timawapeza m'mabuku akale ndi pa intaneti analembedwa ku Britain, ku America kapena ku South Africa, ndipo wolembayo amatchula ulusi umene iye analukira. Nthawi zambiri umakhala wa ubweya wa nkhosa. Mukalowa m'sitolo ku Limbe kapena ku Lilongwe, umene wadzaza m'mashelefu ndi wa akiriliki. Ndiye musanaike sitichi yoyamba pa singano, funso lili kale pakhomo: kodi ulusi umene ndaupezawu ungalowe m'malo mwa umene pateni ikufuna?

Mukaugwira m'manja uli mumpukutu, ulusi wa mitundu iwiriwu umaoneka ngati wapachibale, koma suchokera kumodzi. Ubweya wa nkhosa ndi tsitsi la chiweto. Kaubweya kalikonse n'kopotanapotana ndipo kali ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timakolana ndi tinzake. Akiriliki amapangidwa m'fakitale kuchokera ku mankhwala a mafuta a pansi pa nthaka. Kampani ya DuPont ya ku America inayamba kumugulitsa mu 1950 pa dzina la Orlon. Akiriliki ndi wosalala, alibe mamba. Pafupifupi zonse zimene zimasiyanitsa majuzi awiri olukidwa pa pateni imodzi zimachokera pa kupotana ndi timamba timeneti.

Poyamba penipeni ndi kunenepa kwa ulusi, ndipo apa awiriwa akhoza kugwirizana bwino. Pateni ikanena ulusi wa DK, kawirikawiri imayembekezera masitichi 22 pa masentimita 10, pa singano za mamilimita 4. Akiriliki wa DK alipo wambiri. Koma zilembo za pa pepala lokulunga mpukutu si lonjezo. Tiyerekeze kuti juzi ndi ya munthu wa chifuwa cha masentimita 100, ndipo pateni yakupatsani masitichi 220 kuzungulira thupi lonse. Ulusi wanu wolowa m'malo ukamapereka masitichi 20 okha pa masentimita 10, juziyo ituluka ya masentimita 110. Ukamapereka 24, ituluka ya masentimita pafupifupi 92, mwini wake osatha kupuma bwino. Masitichi awiri okha, koma juzi yasanduka ya munthu wina.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kwambiri kachidutswa koyesera, ngakhale ndikudziwa kuti mtima umakhala ukuthamangira kuyamba juzi yeniyeniyo. Lukani kachidutswa ka masentimita 15 mbali zonse, mukachape mmene mudzachapire juziyo, kaume kali chogona, kenako muwerenge masitichi a pakati, osati a m'mphepete. Akachuluka, tengani singano zokulirapo; akachepa, zocheperapo. Kuchapako n'kofunika chifukwa ubweya ukanyowa umafufuma n'kudzaza timipata, pamene akiriliki amatuluka m'madzi ali pafupifupi mmene analowera.

Pogula, werengani mamita, osati magalamu. Akiriliki ndi wopepukirapo, choncho magalamu 100 a akiriliki amakhala aatali kuposa a ubweya: mpukutu wa Stylecraft Special DK, mwachitsanzo, uli ndi mamita 295. Onkhetsani mamita a mipukutu yonse imene pateni yatchula, mugawe ndi mamita a mpukutu wanuwo, ndipo mugule yonse tsiku limodzi, ya nambala imodzi ya utoto.

Pamene awiriwa amasiyanirana zenizeni ndi m'mphepete, ndipo juzi yopanda manja imaoneka kukongola kapena kunyansa chifukwa cha m'mphepetemo. Ilibe mikono yobisa zolakwika. Diso la munthu limafikira pa khosi la V ndi pa mikombero iwiri ya m'khwapa. Ubweya wa nkhosa, chifukwa cha kupotana kwake, umatanuka n'kubwerera, choncho mkombero wa ribu umagwira phewa bwinobwino chaka ndi chaka. Komanso umamvera madzi: mukanyowetsa juzi n'kuiyala pa thaulo mu muyeso umene mukufuna, imauma ili choncho, masitichi okhota atawongoka, m'mphepete mopindika mutagona. Akiriliki samvera choncho. Mmene mwalukiramo ndi mmene adzakhalire, ndipo ribu yake imatha kumasuka pakapita nthawi, m'khwapa n'kuyamba kuyasama. Ena amayesa kumuwongola ndi simbi yamoto. Simbi ikamukhudza, kapena nthunzi ikapitirira, ulusi umafota n'kunyezimira, kutanuka konse n'kutheratu, ndipo palibe njira yobwezera.

Izi sizikutanthauza kuti akiriliki sangapange mkombero wabwino. Angathe, koma ntchito imene ubweya umadzichitira wokha muyenera kuichita inuyo. Ribu muilukire pa singano zocheperapo ndithu kuposa za thupi la juzi. Potola masitichi kuzungulira m'khwapa, tolani atatu pa mizere inayi iliyonse, ndipo mukaona mkombero ukuchita mafunde, masulani mutole ocheperapo. Pansonga ya V muchotse masitichi mosadumphitsa, kuti khosi ligone pachifuwa.

Pa kuvala, ubweya uli patsogolo. Umatha kumwa chinyezi chokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanamveke kunyowa, ndipo umafundabe. Pa chiperoni cha ku Thyolo kapena m'mawa wa mu Juni ku Dedza, juzi yaubweya yovalidwa pamwamba pa malaya imateteza chifuwa popanda kukuchititsani thukuta dzuwa likatuluka. Akiriliki samwa chinyezi, choncho thukuta limatsalira pathupi ndipo fungo limabwera msanga. Pali china chimene ndimafuna mayi aliyense atachidziwa: ubweya sugwira moto msanga ndipo umazima wokha, pamene akiriliki amayaka n'kusungunuka, n'kumatirira pakhungu. Mwana wovala juzi ya akiriliki asamayandikire kwambiri mbaula.

Koma pa kuchapa, zinthu zimatembenuka. Timamba tija, tikakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kufikisa, timakolana mpaka kalekale. Juzi ya bambo imanyala n'kukhala yolimba ngati bulangete, yokwana mwana wa sitandade 3. Njenjete nazonso zimadya ubweya, akiriliki sizimufuna. Ndiye ngati juziyo ndi ya mwana wasukulu, yochapidwa Loweruka lililonse pamodzi ndi zovala zina pamjigo, ine ndisankha akiriliki mosazengereza, ndipo sindiona ngati ndatsika. Ndi wotsika mtengo, sayabwa pakhosi, ndipo amapirira manja a aliyense wochapa. Timibulu timene amatulutsa m'mbali momwe mkono umakhula timachoka ndi lezala.

Pali mtundu umodzi wa juzi yopanda manja umene sindingalangize munthu kuulukira akiriliki mongotsatira pateni. Ndi wa Fair Isle, wotchedwa dzina la kachilumba ka pakati pa Orkney ndi Shetland ku Scotland, umene unatchuka m'zaka za m'ma 1920 pamene Edward, mwana wa mfumu ya Britain amene anadzakhala Edward VIII, anayamba kuvala majuzi oterewa pagulu. Mzere uliwonse umalukidwa ndi mitundu iwiri ya ulusi. Oluka a ku Shetland amaluka juzi yonse mozungulira mpaka kumapewa osasiya mpata wa mikono kapena khosi, kenako amatenga sizasi n'kudula. Juziyo siimasuka chifukwa ubweya wa nkhosa za ku Shetland, monga umene amagulitsa a Jamieson & Smith ku Lerwick, ndi wokakala ndipo umagwirana wokha. Mukadula akiriliki chomwecho, masitichi amapulumuka imodziimodzi. Ngakhale ubweya wolembedwa kuti superwash, umene mamba ake anawasalaza kuti uzichapika m'makina, umaterera pa ntchito imeneyi. Ngati muli ndi akiriliki yekha, pitani kwa telala asoke mizere iwiri ya makina mbali zonse za podulapo musanagwire sizasi, kapena mugawe ntchitoyo pofika m'khwapa, muluke kutsogolo ndi kumbuyo padera.

Amene akufunitsitsa ubweya weniweni koma sitolo ilibe, kaunjika amathandiza. Juzi yaikulu yachibambo imapereka ulusi wokwanira juzi yopanda manja n'kutsalako. Tembenuzani muone msoko: ngati m'mphepete munadulidwa n'kusokedwa ndi makina a ovaloko, isiyeni, chifukwa idzangotulutsa tizidutswa tifupitifupi. Yabwino ndi imene zigawo zake zinalukidwa pazokha n'kulumikizidwa ndi msoko wonga tcheni. Pepala la pakhosi likakhala litafufutika, mukafika kunyumba sololani kaulusi muyatse ndi machesi panja: ubweya umanunkha tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka, akiriliki amasiya kambulu kakuda kolimba. Ulusi womasulawo umakhala wokwinyika, choncho muukulunge mozungulira nsana wa mpando, muumange m'malo anayi, muuviike m'madzi ofunda pang'ono osafikisa, ndipo uume pamthunzi musanalukire kachidutswa koyesera.