KUIKA UTOTO M'PHULA LA NJUCHI POPANGA MAKANDULO

Ambiri a ife amene timafula njuchi m'mbali mwa nkhalango ya Perekezi, ngakhalenso ya Chimaliro kumalire a Mzimba ndi Kasungu, tikafinya uchi timataya zisa kudzala. Pamenepo timataya chuma. M'zisa zija muli phula, ndipo njuchi zimadya uchi wokwana makilogalamu 6 mpaka 8 kuti zipange kilogalamu imodzi yokha ya phula. Mpingo wakhala ukulemekeza phula limeneli kuyambira kale. M'chaka cha 1904 ku Roma kunatuluka lamulo lakuti kandulo ya Pasaka ndi makandulo awiri a pa Misa akhale ndi gawo lalikulu la phula la njuchi. Lamulolo silitsatidwanso monga kale, koma ulemu wa phula sunathe.

Gulu la mumphakati likaphunzira kuumba makandulo, posachedwa limafuna kuikamo mtundu. Pa Adventi timayatsa makandulo anayi, atatu a pepo ndi imodzi ya pinki, ndipo palibe chifukwa choti parishi ya St Paul's pa boma la Mzimba kapena ya Katete izidalira ogula kutali pamene phula lili pakhomo. Komatu poika utoto ndi pamene phula lambiri limaonongeka.

Utoto woyenera ndi uti?

Phula ndi m'bale wake wa mafuta. Monga madzi sasakanikirana ndi mafuta, sasakanikirananso ndi phula. Choncho utoto uliwonse umene timasungunula m'madzi, monga wonyikira nsalu kapena woika m'zakudya, sugwira ntchito pano. Umangodikha pansi pa chitini ngati timadontho, ndipo kandulo yotero imathetheka poyaka.

Ena amaphwanyira makirayoni a ana asukulu. Mtundu umaonekadi bwino, ndipo nchifukwa chake njirayi imanyenga ambiri. Koma utoto wa m'makirayoni ndi ufa wosalala umene susungunuka, umangoyandama m'phula. Kandulo ikayatsidwa, chingwe chimayamwa phula losungunuka kukwera nalo kumoto, monga chingwe cha nyale chimayamwira parafini. Ufa uja umatseka timipata ta chingwe, lawi limachepa, utsi nkuchuluka, mpaka kandulo izima Misa isanafike pa Mthenga Wabwino.

Utoto weniweni wa makandulo ndi wosungunuka m'mafuta. Umabwera ngati tizibenthu topyapyala tonga mamba a nsomba, kapena ngati timibulu. M'magolosale a kumudzi supezeka, koma ife a ku Mzimba tili ndi mwayi wakuti mabanja ambiri ali ndi m'bale ku Johannesburg. Kapaketi kamodzi kamalowa m'thumba la malaya, ndipo kamakwanira makandulo ochuluka. Pomutuma tinene momveka kuti ndi utoto wa makandulo, osati wa nsalu.

Kusungunula

Choyamba phula likhale loyera. Tiphike zisa m'madzi, tisefe ndi nsalu, ndipo likauma tipale litsiro limene limakhala kunsi kwa mbulu. Utoto subisa litsiro.

Phula sitiika pamoto mwachindunji. Timaliika m'chitini chouma, chitinicho nkuchiimika mumphika wa madzi otentha pa mbaula. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo likapyola 85 limayamba kuda. Popeza ambiri tilibe choyezera kutentha, tiziyang'ana madzi: azingotulutsa nthunzi ndi timathovu tating'ono, asamabwadamuke. Chitini chisakhale chadzimbiri, pakuti chitsulo chimadetsa phula. Poto wa aluminiyamu ndi wabwino, koma akalowa ntchito imeneyi asabwererenso kukhitchini.

Utoto umafunika wochepa zedi, pafupifupi magalamu 2 pa kilogalamu imodzi ya phula, ndipo ndi bwino kuyamba ndi theka lake. Kuonjeza nkosavuta, kuchotsa nkosatheka, kupatula kuthiramo phula lina limene mwina tilibe. Titunge phula losungunuka pang'ono m'kachitini kena, tiikemo tizibenthu tija, titakase ndi kamtengo koyera mpaka pasatsale kambewu nkamodzi komwe. Kenaka tithire m'phula lonse ndi kutakasa mphindi ziwiri kapena zitatu, pang'onopang'ono kuti musalowe mpweya. Wofulumira amapeza timadontho takuda kunsi kwa kandulo ndi mtundu wotumbuluka kumwamba.

Maso amanama pa phula lotentha. Likakhala lamadzimadzi limaoneka lakuda kuposa mmene lidzaonekere likauma. Tidonthezere pa mbale yoyera ndi kudikira kuti liume. Mtundu umene tiona pamenepo ndiwo weniweni. Mlembi wa gulu alembe m'kope kuchuluka kwa phula ndi kwa utoto, kuti chaka chamawa tisadzayambenso kuyerekeza.

Vuto la chikasu

Pano pali nkhani imene imakhumudwitsa ambiri. Phula la njuchi lili kale ndi mtundu wake, wachikasu, wochokera ku mungu wa maluwa. Utoto umene tiika umasakanikirana ndi chikasu chimenecho. Buluu amasanduka wobiriwira. Wofiira amapendekera ku mtundu wa lalanje. Pepo, yemwe timamufuna pa Adventi, amatuluka ngati dothi.

Mankhwala ake ndi dzuwa. Tipale phula kukhala tizibenthu topyapyala, tiyale pa nsalu yoyera padzuwa, tiziwaza madzi ndi kutembenuza tsiku ndi tsiku. Pakapita masabata angapo limayera. Ntchito imeneyi ndi ya mu Juni ndi Julayi pamene kuno kumazizira. Dzuwa la Okutobala lingasungunule phula pansalu pomwepo. Choncho gulu lofuna makandulo a Adventi liyambe kukonzekera pakati pa chaka. Phula la zisa zatsopano limayera msanga, pamene la zisa zakale zakuda ndi bwino kulisiya momwemo, likhale la makandulo ounikira m'nyumba.

Ife tikuona kuti njira yosaononga ndiyo kuumba kandulo yopanda utoto m'chikombole, kenaka kuiviika kawiri kapena katatu m'phula la mtundu. Utoto umakhala kunja kokha, chingwe chimayaka bwino, ndipo kapaketi kaja kamakhalitsa.

Moto ndi chilungamo

Phula likatentha kwambiri limayaka ngati mafuta ophikira. Likagwira moto tisathire madzi, chifukwa moto umamwazika nkugwira denga la udzu. Tivundikire ndi chivundikiro kapena tithire mchenga. Ana akhale kutali, ndipo munthu mmodzi asachoke pa mbaula. Tichenjerenso ndi dzina: phula loyera la makandulo a m'sitolo limatchedwanso parafini, koma si parafini wa nyale. Wa nyaleyo asayandikire nkomwe chitini chathu.

Kusakaniza phula la njuchi ndi la m'sitolo si tchimo, ndipo mtundu umaoneka bwino pa phula loyeralo. Cholakwa ndi kubisa. Utoto umaphimba kusiyana kwa mitundu iwiriyi, ndiye wogula amadalira mawu athu okha. Ngati tasakaniza, timuuze, kaya ndi Bambo Mfumu kaya ndi mayi wodutsa pa msika wa Jenda, ndipo mtengo ukhale wolingana ndi zimene zilimo. Pamsikapo makandulo a mtundu akhale pamthunzi kapena okulunga m'pepala, pakuti dzuwa limayeretsa utoto monga limayeretsera phula.