Tizirombo ta Matenda a Yaws Tayamba Kusamva Mankhwala

M'maiko otentha ndi achinyezi monga Papua New Guinea, Solomon Islands ndi Ghana muli matenda a zilonda za pakhungu otchedwa yaws. Amagwira makamaka ana osapitirira zaka 15, ndipo amafala pamene khungu la mwana wabwinobwino likhudzana ndi chilonda cha mnzake. Kachirombo kake nkachibale ndi ka chindoko, koma matendawa si opatsirana pogonana. Akalekereredwa amaononga mafupa ndi mphuno, mwana nkulumala moyo wake wonse.

Pakati pa 1952 ndi 1964 mabungwe a WHO ndi UNICEF adabaya jekeseni wa penisilini anthu pafupifupi 50 miliyoni, ndipo odwala adachepa ndi 95 pa 100 alionse. Koma ntchito yolondoloza otsala idazilala, matenda nkubwerera. M'chaka cha 2012 kudadziwika kuti kumwa azithromycin kamodzi kokha kumachiza mofanana ndi jekeseni. Motero WHO idakonza zomwetsa mankhwalawa midzi yathunthu.

Njirayi idayesedwa mu 2013 pa chilumba cha Lihir ku Papua New Guinea, kumene anthu 84 pa 100 alionse adamwa. Zilonda zidatsala pang'ono kutheratu, koma patapita zaka ziwiri zidayambanso kuchuluka, makamaka pakati pa amene kudalibe pa tsiku lomwa mankhwala. Chodetsa nkhawa koposa chidalengezedwa mu 2018: odwala asanu a m'mudzi umodzi sadachire ndi azithromycin. Aka kadali koyamba kupeza tizirombo ta yaws tosamva mankhwalawa.

Kodi zimatheka bwanji? Azithromycin amagwira pa malo amene kachirombo kamapangira zomanga thupi lake, monga kiyi alowa m'loko. Pamene tizirombo tikuswana, nthawi zina kamodzi kamabadwa ndi kusintha kochepa zedi pa malo amenewa, ndipo kiyi salowanso. Mankhwala akapha tinzake tonse, iko kamatsala, nkuswana, nkufalikira kwa ana ena. Si thupi la wodwala limene lazolowera mankhwala ayi. Chasintha ndi kachirombo.

Mwamwayi penisilini akadagwirabe ntchito, ndipo odwala asanu aja adachira atabayidwa jekeseni. Phunziro lidali lakuti kugawa mankhwala kamodzi sikokwanira. Pafunika kufikira munthu aliyense, kubwereza, ndi kuonanso wodwala kuti amene sakuchira apatsidwe mankhwala ena msanga. Cholinga cha WHO tsopano nkuthetseratu yaws pofika 2030.

Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Azithromycin yemweyu adathandiza kuti Malawi athetse vuto la matenda a maso a trachoma mu 2022, ndipo amachizanso matenda ena m'zipatala zathu. Tikamagula mankhwala otere pamsika popanda kuyezedwa, kugawana ndi anansi, kapena kusiya kumwa tisanamalize monga adatilangizira adokotala, tikupatsa mpata tizirombo tosamva. Chilonda cha mwana chikapanda kupola atamwa mankhwala, tibwerere naye kuchipatala, osati kugolosale.