Bowa wa m'nkhalango za Chipata: ndiwo yodalira mizu ya mitengo

Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Novembala, mapiri ozungulira Chipata amabiriwira. Ngumbi zimauluka madzulo, ndipo amayi amalawirira kutchire ndi mabeseni kukazula bowa. Pofika Disembala, pamsika wa Kapata ndi m'mbali mwa msewu wa Great East Road pamakhala milumilu ya ndelema, manyame ndi utale.

Yemwe ayende mosathamanga m'nkhalango ya miombo nyengo ino, kaya m'mbali mwa phiri la Kanjala kapena kumidzi ya njira ya ku Chadiza, adzaona kuti ndelema ndi manyame samera paliponse. Amapezeka patsinde pa mombo, mtondo ndi msuku. Takandani ndi chala masamba owola pansi pa mitengo imeneyi, mudzapeza timaulusi toyera, topyapyala kwambiri, titayanga m'dothi ndi kukuta timizu ta mtengo. Timaulusiti ndiye thupi lenileni la bowa. Chomwe timazula chija n'chipatso chake chabe.

Awiriwa amadyetsana. Mtengo umapereka shuga amene masamba ake amapanga ndi kuwala kwa dzuwa, pomwe bowa amaukokera madzi ndi michere monga fosifolasi kuchokera m'dothi losauka la m'mapiri. Asayansi amautcha ubalewu kuti mycorrhiza. N'chifukwa chake ndelema salimidwa m'munda, ndipo pomwe padutsa ootcha makala, bowayu amachepa mpaka kusowa. Izi zimandikhudza kwambiri, pakuti thumba la makala limagulitsidwa kamodzi, koma mtengo woimirira umabweretsa ndiwo ndi kandalama ka sopo chaka ndi chaka.

Utale uli ndi mbiri ina. Mlimi wake ndi chiswe, chomwe chimasonkhanitsa zinyalala za zomera m'kati mwa chulu n'kumeretsapo bowa kuti chizidya. Mvula ikalowa, bowayo amaboola dothi ndi muzu wake wautali. Mu 1980, akatswiri awiri, David Pegler ndi Graham Piearce, adalemba za bowa wodyedwa wa muno m'Zambia, ndipo adatcha dzina mtundu wina wa pachulu kuti Termitomyces titanicus. Chipewa chake chimatha kufika pafupifupi mita imodzi m'mimba mwake, ndipo amadziwika kuti ndiye wamkulu pa bowa yense wodyedwa padziko lapansi. Akatswiri omwewa adamutcha ndelema kuti Amanita zambiana.

Dzina loti Amanita likhale chenjezo. M'banja lomweli muli mitundu yakupha, monga Amanita phalloides, yomwe poizoni wake satha ngakhale muwiritse kapena kuyanika. Choopsa n'chakuti munthu amakhala bwinobwino kwa maola 6 mpaka 24 asanayambe kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kenako amaoneka ngati wachira, apabanja n'kupumira m'mwamba, chonsecho chiwindi chikuwonongeka. Pomadzaoneka chikasu m'maso, matenda amakhala atafika patali.

Palinso bowa wina woyera, wooneka ngati ambulera, yemwe amakonda pakapinga, m'minda ndi pafupi ndi makola. Akakhwima, kunsi kwa chipewa chake kumachita mtundu wobiriwira. Ameneyu ndi Chlorophyllum molybdites, ndipo amasanzitsa koopsa patangopita maola ochepa.

Ena amati bowa amene wadyedwa ndi tizilombo kapena anyani ndiye kuti ndi wabwino. Zimenezi si zoona, chifukwa matupi athu ndi osiyana ndi a zamoyo zimenezo. Chitetezo chenicheni ndi nzeru za agogo omwe akhala akuzula bowa pamalo amodzimodziwo kwa zaka zambiri. Tsoka ilo, ana ambiri okulira m'tauni sakuyendanso nawo kutchire, ndipo anawo ndiwo amafooka msanga akadya bowa woipa.

Mukamapita kunkhalango dzinja lino, tenganani ndi munthu wodziwa, valani nsapato zotseka popeza mphiri imabisala m'masamba osasuntha, ndipo bowa amene mukumukayikira musiyeni pomwepo. Wina akadwala atadya bowa, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Chipata Central Hospital, pamodzi ndi onse amene adya nawo, mutatenga ndi bowa wotsalayo kuti achipatala amuone.