Nthano za pa Mbenji ndi utaka wathu

Amene tinakulira kunyanja tinamvapo za chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira ku Salima. Akuluakulu amati pachilumbapo pali mizimu ya makolo, ndipo ikakwiya imatumiza mphenzi ndi namondwe. N'chifukwa chake pa Mbenji sipafika mowa, chamba kapena juga, amayi saloledwa kupondapo, ndipo njoka ya pamenepo siiphedwa.

Achinyamata ena amangoseka, ati zimenezo n'zoopsezera ana. Za mizimuzo sitilimbana nazo pano, pakuti mwini mphepo ndi mvula ndi Allah. Koma taonani ntchito imene nthanozi zagwira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, usodzi pa Mbenji amautseka mu Disembala, n'kudzautsegula mu Epulo. Imeneyi ndi miyezi ya dzinja, pamene kuwoloka pa bwato n'kuika moyo pachiswe, komanso kumunda chimanga ndi mpunga zikufuna manja. Nsomba nazo zimapeza mpata woswana ndi kukula. Lamulo la papepala munthu amalizembera usiku, woyang'anira akagona. Nanga zimene anakuuza agogo ako pamoto ungazizembere bwanji, poti umakwera nazo m'bwato?

Mfumu ikatsegula nyanja, chilimira chimavuuka ndi utaka wonenepa, pamene m'madoko ena anzathu akukokolola tiana ta nsomba ndi maukonde a udzudzu. Komatu si mantha okha ayi: wophwanya mwambo pa Mbenji amalipitsidwa chindapusa, mwinanso kuthamangitsidwa pachilumbapo.