Kodi Katemera wa COVID-19 Amateteza kwa Nthawi Yaitali Bwanji?

Anthu ambiri a ku Bembeke ndi midzi yozungulira amene analandira katemera wa COVID-19 anabayitsa m'chaka cha 2021 kapena cha 2022. Makhadi awo a katemera akali chisungire m'mabuku a kuchipatala, koma kachirombo kamene katemerayo anapangidwira kasintha kambirimbiri kuchokera nthawi imeneyo. N'chifukwa chake nyengo yozizira ikamayandikira, pamene chifuwa ndi chimfine zimachuluka kuno kumapiri a Dedza, funso limabuka: kodi katemera wa zaka zapitazo akugwirabe ntchito m'thupi?

Yankho lake lili pawiri. Mphamvu ya katemera yotchinga kuti munthu asatenge matendawa imachepa pakangopita miyezi yowerengeka. Koma mphamvu yake yoteteza munthu kuti asadwale kwambiri, kugonekedwa m'chipatala kapena kumwalira imakhalitsa, ngakhale kuti nayonso imafooka msanga mwa okalamba ndi anthu amene ali ndi matenda ena. Kumvetsa kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kumene kungathandize banja kudziwa amene akufunika kubayitsanso.

Mmene kachiromboka kakhala kakusinthira

Malawi anapeza odwala oyamba a COVID-19 pa 2 Epulo 2020. Mliriwu unafika pachimake choopsa mu Januwale 2021, pamene mtundu wa Beta, umene unayamba kudziwika ku South Africa, unafalikira m'dziko muno. Pa 12 Januwale chaka chimenecho dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi: a Lingson Belekanyama, amene anali nduna ya maboma ang'ono, ndi a Sidik Mia, nduna ya zamtengatenga. Pakati pa chaka chomwecho, m'miyezi yozizira, kunabwera mtundu wa Delta, umene unayamba kudziwika ku India. Kenako mu Novembala 2021 akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anazindikira mtundu wa Omicron, ndipo pofika Disembala unali utalowa m'Malawi.

Kusinthaku sikochita kukonzedwa ndi munthu. Kachirombo kakalowa m'thupi kamaswana kambirimbiri, ndipo pakuswanako pamachitika tizolakwika ting'onoting'ono. Tambiri mwa ito sitisintha kanthu, koma tina timapangitsa kachiromboko kufala msanga kapena kuzemba chitetezo cha m'thupi. Mtundu umene wapeza mwayi wotere ndiwo umagonjetsa inzake n'kufalikira. Omicron anabwera ndi zosintha zoposa 30 pa timinga ta kunja kwa kachiromboka, timene kamagwirira pofuna kulowa m'maselo a munthu. Timinga timeneti ndi tomwe makatemera oyamba anaphunzitsa thupi kuzindikira. Mitundu imene yatsatira pambuyo pake, monga XBB mu 2023 ndi JN.1 mu 2024, yonse ndi mphukira za Omicron.

Zimene katemera amasiya m'thupi

Katemera sakhala m'thupi kwa zaka. Amatha pakapita masiku ochepa, koma amasiya thupi litaphunzira kuzindikira mdani. Phunzirolo limasungidwa m'njira zingapo.

Njira yoyamba ndi tinthu totchedwa maantibodi, timene timayenda m'magazi n'kumamatira pa timinga ta kachirombo kuti kasalowe m'maselo. Timachuluka kwambiri pakapita masabata awiri kapena anayi munthu atabayitsa, kenako timayamba kuchepa pang'onopang'ono. Kuchepaku n'kwachibadwa, pakuti thupi silisunga maantibodi ochuluka a matenda alionse amene linakumanapo nawo. Vuto limakula pamene timinga ta kachiromboko tasintha, chifukwa maantibodi ochepa otsalawo samamatiranso bwino.

Njira yachiwiri ndi maselo okumbukira. Ena mwa iwo amasunga kapangidwe ka maantibodi, ndipo kachirombo kakalowa amadzuka n'kupanga atsopano m'masiku ochepa. Ena, amene anthu ambiri amawadziwa kuti asilikali a m'thupi, amafunafuna maselo amene kachirombo kalowamo kale n'kuwawononga. Asilikaliwa amazindikira kachiromboko pa zizindikiro zambiri, kuphatikizapo zimene sizisintha kawirikawiri, choncho mtundu watsopano suwazemba mosavuta.

Apa ndi pamene pagona yankho lija. Maantibodi ali ngati mlonda wa pakhomo: akachepa mphamvu, wakuba amalowa. Maselo okumbukira ali ngati anthu a m'mudzi amene amathamangira kumene kwamveka mfuu: amafika wakuba atalowa kale, koma amamugwira asanasese nyumba yonse. Motero munthu wobayitsa angathe kudwala chimfine, kutentha thupi ndi zilonda zapakhosi, koma nthawi zambiri matendawo safika poononga mapapo.

Zimene kafukufuku anapeza

Kafukufuku wamkulu wa ku England, amene anasindikizidwa mu 2022, anaonetsa mmene chitetezo choyamba chija chimatsikira. Kwa anthu amene anabayitsa Pfizer kawiri, chiopsezo chodwala Omicron chinachepa ndi magawo pafupifupi 65 pa 100 alionse m'mwezi woyamba, koma patapita masabata 25 chitetezocho chinatsika kufika pa magawo osakwana 10. Kwa amene anabayitsa AstraZeneca kawiri, chitetezo choletsa kudwala Omicron sichinkaonekanso patapita masabata 20. Kwa amene anabayitsa Pfizer, kubayitsa kachitatu kunakweza chitetezocho kufika pa magawo pafupifupi 67, koma patapita masabata 10 chinali chitatsikanso kufika pa 46.

Nkhani ya kugonekedwa m'chipatala inali yosiyana. Ku South Africa, mu Disembala 2021, bungwe la Discovery Health linapeza kuti kubayitsa Pfizer kawiri kunkachepetsa chiopsezo chotenga Omicron ndi magawo 33 okha, koma kunkachepetsa chiopsezo chogonekedwa ndi magawo 70. Kafukufuku wa Sisonke, amene anachitika pakati pa ogwira ntchito zachipatala m'dziko lomwelo, anapeza kuti kubayitsa Johnson & Johnson kachiwiri kunachepetsa chiopsezo chogonekedwa ndi magawo pafupifupi 85.

Palinso mfundo ina imene ikukhudza kwambiri Amalawi. Akatswiri a Malawi Liverpool Wellcome Programme, mogwirizana ndi bungwe losonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, anayeza magazi a anthu opereka magazi m'mizinda ndipo anapeza kuti pofika pakati pa 2021 oposa theka anali atakumanapo kale ndi kachiromboka, ambiri osadziwa n'komwe. Munthu amene anabayitsa komanso anadwalapo amakhala ndi chitetezo cha mbali ziwiri. Kafukufuku wophatikiza zotsatira za m'maiko ambiri, amene anatuluka mu 2023, anapeza kuti mwa anthu otere chitetezo choletsa kudwala kwambiri chinali chikadali pamwamba pa magawo 95 patatha chaka chathunthu, pamene choletsa kutenganso matendawa chinali chitatsika kufika pa magawo pafupifupi 42. Izi sizikutanthauza kuti kudwala ndi njira yabwino yopezera chitetezo, pakuti amene matendawa anawapeza asanabayitse ndiwo anali ambiri mwa omwalira.

Kubwereza katemera si chachilendo

Ena amaganiza kuti katemera wofuna kubwereza ndi wosagwira ntchito. Koma makatemera amasiyana malinga ndi matenda ake. Wa chikuku, amene mwana amalandira pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, amateteza pafupifupi moyo wonse chifukwa mbali za kachirombo ka chikuku zimene thupi limazindikira sizisintha. Wa kafumbata amaperekedwa kwa amayi mpaka kasanu kuti chitetezo chikhalitse. Wa fuluwenza amakonzedwanso chaka ndi chaka m'maiko amene amamugwiritsa ntchito, chifukwa kachirombo kake sikakhazikika.

Alimi oweta nkhuku amadziwa bwino zimenezi. Katemera wa chitopa, wodonthezera m'diso uja, amabwerezedwa pakapita miyezi inayi iliyonse, ndipo palibe mlimi wanzeru amene amamunyoza chifukwa cha kubwerezako. Amene wadumphitsa ndi amene amaona khola likutha. Katemera wa COVID-19 ali pafupi ndi wa fuluwenza: kuyambira mu 2023 akatswiri a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO akhala akulangiza makampani kuti azisintha katemerayu kuti agwirizane ndi mitundu imene ikufala, poyamba XBB.1.5, kenako JN.1 mu 2024.

M'pofunikanso kusiyanitsa kutha kwa chitetezo m'thupi ndi kutha mphamvu kwa katemera ali m'botolo. Malawi analandira katemera woyamba wa AstraZeneca wokwana 360,000 pa 5 Malichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo ntchito yobaya inayamba pa 11 Malichi. Pa 19 Meyi chaka chomwecho unduna wa zaumoyo unatentha poyera katemera wokwana 19,610 ku Lilongwe chifukwa tsiku lake lomaliza kugwiritsidwa ntchito linali litadutsa. Cholinga chinali kutsimikizira anthu kuti katemera wotha nthawi sabayidwa kwa munthu. Tsiku lolembedwa pabotolo limanena za mankhwala amene sanagwiritsidwe ntchito, osati za chitetezo cha munthu amene anabayitsa kale.

Amene akufunika kusamala kwambiri

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti COVID-19 sinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse lapansi, koma linachenjeza kuti kachiromboka sikanathe. Malangizo amene akatswiri a bungweli anatulutsa chaka chomwecho anagawa anthu malinga ndi chiopsezo chawo. M'gulu loyamba muli okalamba, anthu a matenda a shuga, a mtima ndi ena okhalitsa, anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka monga ena mwa amene ali ndi HIV, amayi oyembekezera, komanso ogwira ntchito zachipatala. Kwa anthu ambiri a m'gululi, malangizowo akuti ndi bwino kubayitsanso pakapita miyezi 6 mpaka 12 kuchokera pamene anabayitsa komaliza, ndipo kwa amayi, kamodzi pa mimba iliyonse. Achinyamata ndi akuluakulu athanzi amene anabayitsa kale sanaikidwe m'gulu lofunika kubwereza kawirikawiri.

Chifukwa chake n'chakuti thupi la wokalamba kapena wodwaladwala limapanga maantibodi ochepa ndipo maselo ake okumbukira amachedwa kudzuka. Kuchedwako kungapereke mpata woti kachirombo katsikire m'mapapo. Gogo amene anabayitsa kamodzi mu 2021 sali pamlingo umodzi ndi mdzukulu wake wa zaka 25 amene anabayitsa tsiku lomwelo.

Zimene anthu a ku Bembeke angachite

Dera la Bembeke lili ndi zinthu zingapo zimene zimathandiza matenda opatsirana kudzera mumpweya kufala. Msewu waukulu wa M1 umadutsa pafupi, ndipo ogula mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba amachokera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina. Malire a dziko la Mozambique ali pafupi, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri amayenderana pa malonda, maukwati ndi maliro. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuzizira kumachititsa anthu kutseka mawindo m'nyumba, m'makalasi, m'matchalitchi ndi m'maminibasi, ndipo mpweya wosayenda ndi umene kachiromboka kamafaliramo mosavuta.

Choyamba, banja lililonse likuyenera kuona makhadi a katemera a okalamba ndi odwala matenda okhalitsa, n'kudziwa tsiku limene anabayitsa komaliza. Khadilo lionetsedwe kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, kuchipatala chaching'ono chapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Dedza, kumene angafotokoze katemera amene alipo ndi ndondomeko imene unduna wa zaumoyo ukutsata panthawiyo. Amene amapita kusikelo ya amayi oyembekezera, kukalandira ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi kuthamanga kwa magazi angafunse za nkhaniyi pa ulendo womwewo.

Chachiwiri, munthu amene wagwidwa chimfine ndi chifuwa apewe kukhala moyandikana ndi okalamba kwa masiku angapo, avale chotchinga pakamwa ndi mphuno akakhala pagulu, ndipo mawindo azitsegulidwa ngakhale pang'ono.

Chachitatu, kubayitsa kusachititse munthu kuchedwa kupita kuchipatala. Kubanika, kupuma mothamanga, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena kufooka kwambiri ndi zizindikiro zofuna thandizo tsiku lomwelo. Kutentha thupi kungakhalenso malungo, ndipo kutsokomola kopitirira masabata awiri kungakhale chifuwa chachikulu, choncho kuyezetsa ndi kumene kumapereka yankho loona.

Mafumu, makhansala, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ali ndi udindo wofikitsa uthengawu kwa okalamba amene sangathe kuwerenga kapena kuyenda mtunda wautali. Katemera wa zaka zapitazo sanapite pachabe, pakuti thupi likukumbukirabe zimene linaphunzira. Koma kwa agogo, amayi oyembekezera ndi odwala matenda okhalitsa, tsiku lolembedwa pakhadi lija ndi loyenera kuliona chisanu chisanafike.