Bulu akayamba kutsimphina, yang'anani pansi pa chiboda

Mvula ikakhazikika kuno ku Kabwazi, m'chigawo cha mapiri a Dedza, misewu ya kumudzi imasanduka phala, ndipo galimoto zambiri zimalekera kutali. Imene imapitabe ndi ngolo. Imanyamula feteleza, pokolola imatuta chimanga, soya ndi mbatata ya kachewere, ndipo usiku mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka, nthawi zina ndi ngolo yomweyo imene imamufikitsa kuchipatala. Komatu ngolo imadalira miyendo ya chiweto. Bulu mmodzi akalumala, banja lonse latsala pansi.

Mahatchi m'Malawi muno ndi ochepa. M'maiko amene alipo ambiri, kusamala ziboda ndi ntchito yoiphunzira, ndipo mmisiri wake amayenda ndi bokosi lathunthu: mbano yodulira, mpeni wopinda kunsonga, tupa yaikulu, hamala, misomali yapadera ndi zitsulo zokhomera kunsi kwa chiboda. Ife a abulu sitifunikira zonsezo. Bulu woyenda m'misewu yafumbi kawirikawiri safuna kukhomedwa zitsulo, ndipo msomali wokhomedwa ndi munthu wosadziwa ukhoza kulasa mnofu wamoyo wa m'kati.

Chida choyamba n'chotsika mtengo kwambiri: kachitsulo kopinda ngati ngowe, kobuntha kunsonga. Wosula aliyense pamsika akhoza kukapanga ndi kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba. Timaima pambali pa bulu titayang'ana kumchira, n'kutsetsereka ndi dzanja m'mwendo mpaka atanyamula phazi. Kenako timakokola matope, ndowe ndi timiyala kuchokera kuchidendene kupita kutsogolo. Pakati pa chiboda pali kachigawo kofewa kooneka ngati V. Kameneko ndi katsamiro ka phazi, si litsiro ayi, choncho tisakasepe.

Chifukwa chake tikulimbikira pamenepa n'chakuti kwawo kwenikweni kwa bulu ndi kumalo ouma a kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Chiboda chake chimamwa madzi kuposa cha hatchi. Akagona m'khola lamatope kuyambira Disembala mpaka Malichi, chibodacho chimafewa, m'mphepete mwa V uja mumayamba kutuluka zinthu zakuda zonunkha, ndipo kamwala kakalowa pamene khoma la chiboda limakumana ndi kunsi, m'kati mumachita mafinya. Vuto lina n'lakuti bulu amabisa ululu. Ambirife timamutchula waulesi n'kumukwapula, pamene iye akuponda pachilonda. Akaima mosinthasintha miyendo, akamagona masana, kapena chiboda chimodzi chikamatentha kuposa zinzake, mkwapulo tiuike pansi.

Chiboda chimakula ngati chikhadabo, mamilimita angapo mwezi uliwonse, ndipo chimafunika kuwengedwa pakatha masabata 6 mpaka 10. Apa m'pamene tupa imagwira ntchito, pang'onopang'ono, phazi likhale lathyathyathya pansi. Chiboda chimene chalekereredwa mpaka kupindikira m'mwamba sichikonzeka tsiku limodzi, ndipo chikwanje chisayandikire n'komwe. Ntchito imeneyo, pamodzi ndi yoboola potuluka mafinya, tiwasiyire alangizi a ziweto. Mabanja angapo akhoza kusonkha n'kugula tupa imodzi yomabwerekana, bola aziitsuka akachoka pa chiweto china kupita pa china.

A ng'ombe za pangolo asaganize kuti nkhaniyi ikuwadutsa. Ng'ombe ili ndi ziboda ziwiri pa phazi lililonse, ndipo pakati pake m'pamene pamabisala minga ndi kuola. Mankhwala oyamba a zonsezi ndi khola: denga losadontha, pansi pokwezedwa, ngalande yochotsa madzi, ndi ndowe zotapidwa kupita kudzenje la manyowa. Madzi ofunda amchere ndi okwanira kutsukira chilonda chaching'ono. Oilo wakutha wa galimoto ndi asidi wa mu batire, zimene ena amathira, zimangowononga mnofu.

Lamulo la Sabata pa Deuteronomo 5:14 limatchula ng'ombe ndi bulu pakati pa oyenera kupuma. Ife timaona kuti Lachisanu masana, pomasula ziweto dzuwa lisanalowe, ndi nthawi yabwino yonyamula mapazi onse anayi mosafulumira, kuti chiweto chisapume ndi mwala m'chiboda.

Chotsala ndi msomali. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda chilonda chakuya chopanda mpweya. Abulu ndi mahatchi amagwidwa msanga ndi matendawa kuposa ziweto zambiri. Bulu akaponda msomali, tikumbukire pamene unalowera, titsuke, timange ndi nsalu yoyera, n'kuitana alangizi tsiku lomwelo. Nafenso tikadzicheka ndi mpeni kapena kulasidwa tili m'khola, tisambe ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala kukafunsa za katemera wa kafumbata, ngakhale chilondacho chikuoneka chaching'ono. Ana amene amatapa ndowe azivala nsapato.